Phunziro: Nyimbo za Kagulu Kochepa za Opeka Amene Maboma Anawazunza

Phunziro lino likukhudza nyimbo zimene zinalembedwa ku Ulaya pakati pa 1920 ndi 1960 ndi anthu amene maboma a nthawi yawo anawaletsa kugwira ntchito, kuwamanga, kapena kuwapha kumene. Simukufunika kudziwa kalikonse za nyimbo za kumeneko kuti mutsatire bwino, pakuti liwu lililonse lachilendo ndilifotokoza ndisanayambe kuligwiritsa ntchito. Funso limene tikufuna kuyankha ndi ili: zimatheka bwanji kuti nyimbo yabwino iiwalike kwa zaka 40 kapena 50, ndipo imadutsa njira yotani kuti imvekenso?

Gawo 1: Nyimbo za kagulu kochepa n'chiyani?

Ku Ulaya kuli mwambo wakale wolemba nyimbo papepala ndi zizindikiro zotchedwa manoti. Noti iliyonse imauza woimba kukwera kapena kutsika kwa liwu ndiponso kutalika kwake, kotero kuti munthu amene sanaonanepo ndi mwini nyimbo angathe kuiimba monga mmene mwiniyo anafunira. Munthu wolemba nyimbo mwa njira imeneyi timutcha wopeka. Nyimbo zambiri za mtundu umenewu zilibe mawu oimba pakamwa. Zimaimbidwa ndi zida zokha.

Magulu oimba nyimbozi ali mitundu iwiri ikuluikulu. Woyamba ndi orchestra, gulu la anthu 60 kapena kuposerapo, mmene oimba ambiri amaimba mzere umodzi wa manoti pamodzi, ndipo kutsogolo kumaima wotsogolera amene amawalozera nthawi ndi manja. Wachiwiri ndi kagulu ka anthu ochepa, kuyambira awiri mpaka asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi, ndipo nyimbo zake ndi zimene zimatchedwa chamber music chifukwa poyamba zinkaimbidwa m'chipinda cha m'nyumba. M'kagulu kotere aliyense ali ndi mzere wakewake umene palibe wina akuuimba, ndipo palibe wotsogolera. Oimbawo amamverana okha, kuyang'anana, ndi kupumira pamodzi.

Zida zimene tizitchula kawirikawiri ndi zoimbira zitatu za nsambo, za banja limodzi, zonse zolizidwa ndi kauta. Vayolini ndi yaing'ono ndipo liwu lake ndi lokwera. Viola ndi yokulirapo pang'ono, liwu lake ndi lapakati. Cello ndi yaikulu, woimba amaiimika pakati pa mawondo atakhala pampando, ndipo liwu lake ndi lotsika. Kagulu ka mavayolini awiri, viola imodzi ndi cello imodzi kamatchedwa quartet, ndipo dzina lomweli limaperekedwanso kwa nyimbo yolembedwera kaguluko. Ngati munaimbapo m'kwaya, ganizirani soprano, alito, tena ndi besi, koma liwu lililonse lili ndi munthu mmodzi yekha amene alibe mnzake wobisalako akaphonya. Kagulu ka atatu ndi trio, ka asanu ndi quintet. Nyimbo imodzi yotere imagawidwa m'zigawo zitatu kapena zinayi, china chofulumira, china chodekha, ndipo oimba amapuma pang'ono pakati pa zigawozo.

Gawo 2: Kodi nyimbo yolembedwa imakhala bwanji ndi moyo?

Gawo ili ndilo fungulo la phunziro lonse, choncho muligwiritsitse. Nyimbo yolembedwa papepala siimveka yokha. Kuti ifike m'makutu a anthu, iyenera kudutsa m'manja atatu.

Choyamba, payenera kukhala wosunga pepala limene wopeka analemba ndi dzanja lake. Pepala loonetsa mizere ya zida zonse pamodzi limatchedwa score, ndipo kuchokera pamenepo amakopera woimba aliyense pepala la mzere wake wokha. Chachiwiri, payenera kukhala wosindikiza amene achulukitse mapepalawo kuti agulitsidwe m'mizinda ina. Chachitatu, payenera kukhala oimba amene aiphunzire nyimboyo, kuiimba pagulu mobwerezabwereza, ndi kuiphunzitsa kwa ophunzira awo.

Dzanja limodzi mwa atatuwa likadulidwa, nyimbo imazilala. Onse atatu akadulidwa nthawi imodzi, nyimbo imasowa ngati kuti sinalembedwepo. Anthu ambiri amaganiza kuti wopeka woiwalika anaiwalika chifukwa ntchito yake inali yofooka. Nthawi zina zimenezi n'zoona, koma kwa anthu amene tikuphunzira panowa si choncho ayi.

Gawo 3: Chizunzo cha boma la Nazi

Chizunzo cha ndale ndi pamene boma ligwiritsa ntchito malamulo, apolisi ndi ndende pofuna kuvutitsa anthu chifukwa cha mtundu wawo, chikhulupiriro chawo kapena maganizo awo. Mu 1933 Adolf Hitler ndi chipani chake cha Nazi analowa m'boma ku Germany. M'chaka chomwecho anakhazikitsa bungwe la Reichsmusikkammer, ndipo aliyense wofuna kudya ndi ntchito ya nyimbo anayenera kukhala membala wake. Ayuda anachotsedwamo. Mu Meyi 1938, mumzinda wa Düsseldorf, munachitika chionetsero chotchedwa Entartete Musik, chimene cholinga chake chinali kunyoza nyimbo za Ayuda, nyimbo za jazz, ndi nyimbo za kalembedwe katsopano, kuti anthu aziziona ngati zowola. Mu Marichi 1939 asilikali a Germany analowa mu Prague, ndipo malamulo amenewa anafikanso kwa opeka a ku Czechoslovakia.

Onani mmene manja atatu aja anadulidwira: osindikiza analeka kusindikiza, oimba analetsedwa kuimba, ndipo osunga mapepala anayamba kugwidwa.

Gawo 4: Terezín

Terezín, imene Ajeremani ankaitcha Theresienstadt, ndi tauni ya malinga yomwe ili makilomita pafupifupi 60 kumpoto kwa Prague. Kuyambira Novembala 1941 a Nazi anaisandutsa malo otsekerako Ayuda asanawatumize kum'mawa. Tauniyi inali ya anthu pafupifupi 7,000, koma mu 1942 munadzaza anthu oposa 50,000 nthawi imodzi. Onse amene anadutsamo anali oposa 140,000. Mwa iwo, pafupifupi 33,000 anafera momwemo ndi njala ndi matenda, ndipo pafupifupi 88,000 anatumizidwa ku Auschwitz ndi kumalo ena ophera anthu.

Poyamba zida zoimbira zinali zoletsedwa, ndipo akaidi ankazilowetsa mobisa n'kumaimbira m'zipinda za kudenga ndi za pansi pa nyumba. Kenaka akuluakulu a Nazi analola zoimbaimba, pakuti anaona kuti zingawathandize kunamiza dziko. Pa 23 Juni 1944 nthumwi za Red Cross zinaonetsedwa tauni yokongoletsedwa mwadala, ndipo patapita miyezi iwiri kunajambulidwa filimu yoonetsa akaidi akuimba ngati anthu omasuka. Ndikupempheni kuti mfundo ziwiri izi muzisunge pamodzi, osataya imodzi: nyimbozo zinali zenizeni kwa ozipeka ndi ozimvera, komanso ozunzawo anazigwiritsa ntchito pobisa kupha.

N'chifukwa chiyani nyimbo za kagulu kochepa zinachuluka kumeneko? Chifukwa chake n'chosavuta. Trio imafuna anthu atatu, zida zitatu, ndi kachipinda. Mapepala anali osowa, ndipo nyimbo ya zida zitatu imadya mapepala ochepa. Ndiponso sitima zopita kum'mawa zinkatenga anthu nthawi iliyonse, moti gulu lalikulu likanatha kusweka sabata imodzi, pamene kagulu kochepa kankatha kupeza wolowa m'malo. Tsopano tione opeka anayi amene anakhala kumeneko.

Woyamba ndi Viktor Ullmann, amene anabadwa mu 1898. Anaphunzirapo kwa wopeka Arnold Schoenberg ku Vienna, ndipo anagwira ntchito pansi pa Alexander Zemlinsky m'nyumba ya zisudzo zoimba ku Prague. Anamutengera ku Terezín mu Seputembala 1942. M'zaka ziwiri zokha analemba nyimbo zoposa 20, ankakonza makonsati, ndipo ankalemba ndemanga zoweruza mmene anzake aimbira. Ndemanga zimenezi zimandikhudza kwambiri, chifukwa sankayamikira chilichonse mwachifundo. Ankadzudzula pofunika kudzudzula, monga munthu amene akukana kutsitsa muyezo wa ntchito yake chifukwa cha ndende. Quartet yake yachitatu anaimaliza mu Januwale 1943. Zigawo zake zimalowerana, imayamba mofatsa ndi mokoma, pakati imadekha kwambiri pamene zida zimalowa chimodzichimodzi ndi kanyimbo kamodzi komweko, ndipo imatha ndi mphamvu.

Wachiwiri ndi Gideon Klein, wamng'ono pa onse, wobadwa mu 1919 ku Přerov m'chigawo cha Moravia. Anali katswiri wa piyano amene anthu a ku Prague ankayembekezera zambiri kwa iye, koma malamulo a Nazi anamuletsa kupitiriza maphunziro ndi kuimba pagulu. Anafika ku Terezín mu Disembala 1941. Kumeneko ankaimba piyano, ankakonzera makwaya nyimbo, ankaphunzitsa ana, ndipo ankalimbikitsa anzake achikulire kuti asaleke kulemba. Trio yake ya vayolini, viola ndi cello anaimaliza kumayambiriro kwa Okutobala 1944, kutatsala masiku ochepa kuti amukweze sitima. Tidzaibwereranso m'gawo lomaliza.

Wachitatu ndi Pavel Haas wa ku Brno, wobadwa mu 1899, wophunzira wa wopeka Leoš Janáček. Nyimbo zake za kagulu kochepa zambiri anazilemba nkhondo yachiwiri ya padziko lonse isanayambe. Quartet yake yachiwiri ya 1925 ikufotokoza tchuthi cha kumapiri a kumudzi, ndipo m'chigawo chomaliza anawonjezamo ng'oma, chinthu chimene omvera a nthawiyo sanachizolowere. Asanagwidwe anasudzulana ndi mkazi wake, amene sanali Myuda, kuti mkaziyo ndi mwana wawo wamkazi apulumuke, ndipo anapulumukadi.

Wachinayi ndi Hans Krása wa ku Prague, wobadwanso mu 1899. Amadziwika ndi sewero loimba la ana lotchedwa Brundibár, limene linaonetsedwa ka 55 ku Terezín, koma ali komweko analembanso nyimbo ziwiri zazifupi za trio ya nsambo.

Pa 16 Okutobala 1944 anayi onsewa anakwezedwa sitima imodzi yopita ku Auschwitz. Ullmann, Haas ndi Krása anaphedwa m'zipinda za mpweya wapoizoni atangofika. Klein anatumizidwa kukagwira ntchito yakalavulagaga ku Fürstengrube, kumene kunali mgodi wa malasha, ndipo anafa mu Januwale 1945 ali ndi zaka 25.

Gawo 5: Erwin Schulhoff

Si onse anadutsa ku Terezín. Erwin Schulhoff anabadwira ku Prague mu 1894, ndipo m'zaka za m'ma 1920 anali wotchuka ndithu ku Ulaya. Ankakonda jazz ndi magule. Tinyimbo take tisanu ta quartet ta 1923 ndi magule osiyanasiyana, monga wa ku Vienna, wa kwawo, ndi tango. Anali Myuda komanso wokhulupirira chikomyunizimu, zifukwa ziwiri zoti a Nazi amude. Mu 1941 anatenga unzika wa Soviet Union, koma Germany itaukira dzikolo mu Juni chaka chomwecho anamangidwa asananyamuke. Anafa ndi chifuwa chachikulu m'ndende ya Wülzburg ku Bavaria mu Ogasiti 1942. Nkhani yake ikutiphunzitsa kuti ngakhale wopeka amene nyimbo zake zinasindikizidwa kale angathe kuiwalika, oimba akangoleka kuziimba kwa m'badwo umodzi.

Gawo 6: Mieczysław Weinberg, amene anazunzidwa ndi maboma awiri

Weinberg anabadwira ku Warsaw mu 1919 m'banja la Ayuda. Germany italowa mu Poland mu 1939 anathawira kum'mawa n'kukafika ku Minsk. Makolo ake ndi mlongo wake anatsala, ndipo anaphedwa. Mu 1941 anathawanso, ulendo uno mpaka ku Tashkent. Wopeka wamkulu Dmitri Shostakovich ataona nyimbo zake anamuthandiza kusamukira ku Moscow mu 1943, ndipo awiriwa anakhala mabwenzi mpaka imfa. Quintet yake ya piyano ndi zida zinayi za nsambo, ya 1944, ndi imodzi mwa nyimbo zimene ine ndimaziona kuti zikanayenera kudziwika ponseponse kuyambira kalekale.

Chizunzo cha boma la Joseph Stalin ku Soviet Union chinali cha mtundu wina. Silinaletse nyimbo zonse. Linkafuna nyimbo zosavuta, zotamanda boma, ndipo zina zonse linkazitcha zosathandiza anthu wamba. Mu Januwale 1948 apongozi ake a Weinberg, katswiri wa zisudzo Solomon Mikhoels, anaphedwa ku Minsk molamulidwa ndi Stalin. Mwezi wotsatira chipani cholamula chinadzudzula poyera opeka akuluakulu, kuphatikizapo Shostakovich ndi Sergei Prokofiev, ndipo kunatuluka mndandanda wa nyimbo zoletsedwa. Pa mndandandawo panali quartet yachisanu ndi chimodzi ya Weinberg, ya 1946. Weinberg sanalembenso quartet mpaka 1957, ndipo ankapeza chakudya polembera nyimbo mafilimu ndi masewero. Mu Febuluwale 1953 anamangidwa. Shostakovich analembera kalata Lavrenti Beria, mkulu woopedwa wa zachitetezo, yomuikira kumbuyo mnzakeyo, chinthu chimene chikanatha kumuika iye mwini m'ndende. Stalin anamwalira pa 5 Marichi, ndipo Weinberg anamasulidwa mu Epulo.

Anakhala ndi moyo mpaka 1996, ndipo analemba ma quartet 17. Komabe quartet yoletsedwa ija sinaimbidwe pagulu mpaka 2007, pamene kagulu ka Quatuor Danel kanaiimba, patatha zaka 61 chiilembere ndi zaka 11 mwini wake atamwalira. Apa mukuona kuti chiletso chimapitiriza kugwira ntchito ngakhale boma lochiika litachoka, pakuti nyimbo imene oimba sanaizolowere palibe amene amaifunsa.

Gawo 7: N'chifukwa chiyani nkhondo itatha sanakumbukiridwe msanga?

Zifukwa zake ndi zitatu. Choyamba, anthu amene akanawakumbukira, ndiwo abale, ophunzira, oimba anzawo ndi omvera awo, ambiri anaphedwa nawo limodzi. Chachiwiri, kuyambira 1948 Czechoslovakia inali pansi pa boma la chikomyunizimu, limene silinkafuna kukweza mbiri ya Ayuda, makamaka olankhula Chijeremani monga Ullmann. Chachitatu, kumadzulo kwa Ulaya opeka achinyamata ankafuna kuyambiratu mwatsopano, ndipo kalembedwe ka m'ma 1920 ndi 1930 ankakaona ngati kachikale.

Chimene chinapulumutsa nyimbozi ndi dzanja loyamba lija, la osunga mapepala. Ullmann asanakwere sitima anasiya mapepala ake kwa Emil Utitz, amene ankayang'anira laibulale ya ku Terezín, ndipo nkhondo itatha anafika kwa wolemba mabuku H. G. Adler, yemwe anapita nawo ku England. Sewero loimba la Ullmann lotchedwa Der Kaiser von Atlantis, limene linakonzedwa ku Terezín koma osaonetsedwa, linaonetsedwa koyamba ku Amsterdam mu 1975. Klein anasiya mapepala ake kwa bwenzi lake m'tauni momwemo, ndipo mlongo wake Eliška Kleinová, amene anapulumuka ku Auschwitz, anathera moyo wake akuyesetsa kuti asindikizidwe. Mu 1990 kunapezeka sutikesi imene inali ndi nyimbo zina za Klein zimene analemba asanagwidwe. Nyimbo ya Haas ya orchestra ya nsambo, imene ikumveka m'filimu ija ya a Nazi, score yake inatayika. Koma wotsogolera wake Karel Ančerl, amene anapulumuka, anapeza mapepala a oimba, ndipo kuchokera pa amenewo nyimboyo inalumikizidwanso.

Manja ena awiri anabwerera pang'onopang'ono. M'zaka za m'ma 1990 kampani ya Decca inatulutsa mndandanda wa zimbale pansi pa dzina lakuti Entartete Musik, dzina lomwe a Nazi ankanyozera nalo. Mu 2002 oimba achinyamata a ku Prague anayambitsa kagulu kotchedwa Pavel Haas Quartet, ndipo kajambulidwe kawo ka ma quartet a Haas kanalandira mphoto. Quatuor Danel anajambula ma quartet onse 17 a Weinberg.

Gawo 8: Mmene mungamvetserere

Ndisanakupatseni ntchito, ndili ndi chenjezo limodzi. Pali chizolowezi chomvetsera nyimbozi ndi chisoni chokha, ngati kuti noti iliyonse ikulira za ndende. Sindikugwirizana nacho. Haas analemba za tchuthi, Schulhoff analemba magule, ndipo trio ya Klein imayamba ndi kutha mwansangala. Anthuwa anali amisiri amene ankafuna kuyesedwa ndi muyezo womwewo umene timayesera Janáček kapena Shostakovich. Mbiri yawo tiyenera kuidziwa, koma isatitseke makutu.

Pezani trio ya nsambo ya Gideon Klein pa intaneti. Ilipo yojambulidwa ndi magulu angapo, ndipo siipitirira mphindi 15. Tsatirani masitepe awa.

1. Imvetsereni yonse kamodzi osayesa kumvetsa kalikonse. Ingowerengani zigawo: muyenera kupeza zitatu, choyamba chofulumira, chachiwiri chodekha, chachitatu chofulumira kwambiri. Mudzaona kuti chapakati ndi chachitali kuposa ziwiri zinazo.

2. Bwererani ku chigawo chachiwiri. Chimayamba ndi nyimbo yachikhalidwe ya ku Moravia, kwawo kwa Klein. Nyimbo yoyambira yotere timaitcha mutu. Ibwerezeni mpaka muthe kuing'ung'udza.

3. Tsopano mvetserani zotsatira. Klein akubwereza mutuwo kangapo, koma ulendo uliwonse akuusintha: pena liwiro, pena chida chimene chaunyamula, pena mawu ouperekeza. Kalembedwe kameneka kamatchedwa variations. Pa kusintha kulikonse, lembani ngati mutuwo mukuuzindikirabe kapena wabisika.

4. Mvetseraninso chigawo chomwecho, koma ulendo uno tsatirani cello yokha kuyambira poyamba mpaka pamapeto. Lembani pamene ikutsogolera ndi pamene ikungothandiza zinzake. Chitaninso chimodzimodzi ndi viola, imene ndi yovutirapo kuitsata chifukwa liwu lake lili pakati.

5. Mukamaliza, mvetserani quartet yachitatu ya Ullmann, ndipo lembani ndime imodzi yofananiza nyimbo ziwirizi. Munene chimene chida chachinayi, ndicho vayolini yachiwiri, chikuwonjezera, ndiponso mmene Klein akudzazira malo ake ndi zida zitatu zokha.